Mbawa Wakumanzere

Subira anaphunzira kusema nkhalango ali kale mayi wamkulu, ukwati utatha, anthu atatopa kumufunsa kuti akwatiwanso liti. Ankachapa zofunda pa loji ina ku Chembe, ndipo kuseri kwa lojiyo kunkakhala a Thomson, mkulu wina wa ku Dedza wogulitsa zithunzi kwa alendo. Zithunzi zawozo sankajambula ndi burashi ayi. Ankatenga lino, chimphasa cha labala chonga chija ena amayala pansi m'nyumba, kudulako kachidutswa, nkuyamba kugoba ndi timipeni. Akamaliza ankapakapo inki yakuda, kuyalapo pepala, kulisisita ndi kumsana kwa supuni, kenako kulisenda pang'onopang'ono. Pamene agoba pankatuluka poyera, pamene asiya pankatuluka pakuda. Iwo ankati kumeneko ndiye kudinda.

A Thomson ankadinda nsomba ndi mabwato, poti mlendo akafika kunyanja safunanso kuona china. Koma Subira nyanja inali itamukwana. Iye anakulira kumtunda, ku Chowe, ndipo atamubwereka kampeni koyamba, chimene chinatuluka pa lino wake ndi mitengo. A Thomson anapukusa mutu nkunena kuti mitengo sigulidwa. Subira anayankha kuti sanafunse.

Kwawoko nkhalango inatha kalekale, inapita ku Mangochi panjinga ili m'matumba a makala. Chimene chinatsala ndi kamzere ka mitengo m'mbali mwa mtsinje wodutsa pakati pa minda ya banja lawo: misuku, mikuyu yopindika, nsungwi, ndi chimtengo chimodzi cha mbawa chimene munthu sangachikupatire yekha. Subira ankaukonda mtengowo kuposa mmene ankakondera achibale ake ambiri, ndipo sankabisa. Ali mwana ankathawirako ikakwana nthawi ya madrasa. Ukwati wake utatha anakakhala patsinde pake masana onse akutukwana mwamuna uja mokweza, mbawa uli phee kumvetsera. Ubwino wa mtengo ndi womwewo, sudula munthu pakamwa ndipo sukuuza kuti upirire.

Komatu mtengowo unali ndi mlandu wake. Malemu agogo ake, Che Bakali, pogawa minda anangoti malire ndi mtsinje. Munthu akaima pa ulalo nkuyang'ana kuphiri, kumanja nkwa mwana wawo wamkazi, Abiti Bakali, amene ndi mayi ake a Subira, ndipo kumanzere nkwa mwana wawo wamwamuna, Che Ayub. Mkuluyo anamwalira akuganiza kuti wasiya mtendere. Anaiwala kuti pofika pa mbawa mtsinjewo umagawika pawiri nkuuzungulira mtengo, chaka china madzi kudzera uku, chaka china kudzera uko, malinga ndi mmene mvula yafunira. Ndiye munthu ndi mlongo wake akhala akulimbirana mbawawo kuyambira Subira asanagule mano. Madzi akaika mtengo kumanja, Che Ayub ankati mtsinje weniweni ndi ngalande youmayo. Akauika kumanzere, Abiti Bakali ankati madzi a chaka chino ngoledzera.

Che Ayub, amjomba ake a Subira, anali munthu wa usipa wouma, wa mkanjo woyera, mimba patsogolo, ambulera m'khwapa ngakhale kulibe mtambo. Chaka china anatsala pang'ono kupita ku Maka, ndipo ulendo umene sanayendewo ankaufotokoza bwino kuposa anthu amene anapitadi. Za mwambo sankaseka nazo. Mwana akawapatsira chinthu ndi dzanja lamanzere ankalawa ambulera ija. Mbawa ankaufuna kuti asemetse boti, ndipo dzina la botilo anali atalipeza kale.

Chilimwe china Subira anapita kumudzi ndi lino wamkulu amene anamusunga nthawi yaitali. Anakhala pa ulalo, lino pamiyendo, nkugoba zimene maso ake ankaona: phiri pakati, mtsinje ukutsika, nsungwi, mikuyu, ndi mbawa kumanja kwa madzi, poti chaka chimenecho ndi mmene zinalili. Masamba anawagoba limodzilimodzi mpaka chala chinachita thuza. Atabwerera ku Chembe nkudinda, ngakhale a Thomson anakhala chete, ndipo chete wa a Thomson ndiye kuyamikira kwawo konse. Subira anasangalala kwambiri. Anadinda mapepala ambiri nkuwayanika pachingwe pamodzi ndi zofunda za alendo.

Itakwana sadaka yokumbukira agogo aja, ananyamula zithunzizo kuti akagawire abale. Anthu anadya mpunga ndi mbuzi, a Shehe anapempherera malemu, ndipo pamene aliyense anali kutokosa m'mano pansi pa mango, Subira anayamba kugawa. Anthu ambiri analandira mwaulemu, nkuyang'ana kuseri kwa pepala ngati kuli kalendala. Amjomba anawapatsa atagwada, ndi manja awiri.

Che Ayub anachiyang'ana chithunzicho mosafuna. Kenako anachiyandikizitsa kumaso, nkuchitalikitsa, nkuchiyandikizitsanso. Nkhope yawo inayamba kuwala pang'onopang'ono.

"Chemwali," anaitana mlongo wawo ndi mawu okoma amene sankawagwiritsa ntchito kawirikawiri, "tabwerani mudzaone zimene wajambula mwana wanu."

Abiti Bakali anabwera akupukuta manja pachitenje.

"Apa ndi pa ulalo, si choncho? Ili ndi phiri. Uwu ndi mtsinje wa malemu bambo. Nanga mbawa uli mbali iti?"

Subira anasuzumira. Mbawa unali kumanzere. Iye ankadziwa bwinobwino kuti chilichonse chodinda chimatuluka chotembenuka, chakumanja kupita kumanzere, monga zilembo za pachidindo. Koma ku Chembe zimenezo zinalibe ntchito. Mlendo wa ku Ulaya sangadziwe kuti mkuyu wasamuka, ndipo iye anali atazolowera kuona mitengo yake itatembenuka mpaka anasiya kuziganizira.

"Mwana uyu ndi wanu, si wanga," anapitiriza Che Ayub, tsopano akulankhulira gulu lonse. "Wakulira m'nyumba mwanu, wadya zanu. Koma dzanja lake lakana kunama. A Shehe, mukhale mboni. Ine ndatopa ndi kukangana. Wallahi, chimene chanena chithunzichi, ine ndavomera chomwecho, ndipo nkhani ithere pano."

A Shehe, amene anali atayamba kale kufunafuna nsapato zawo, anakhalanso pansi mosakondwa.

Abiti Bakali anamuyang'ana Subira kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Kodi iwe ndinakubereka ndine, kapena anakubereka amjomba akowa?"

"Amayi, dikirani ndifotokoze. Amjomba, chithunzichi nchotembenuka. Ine ndinagoba mbawa kumanja. Kungoti ukadinda papepala, zonse zimasinthana mbali."

"Zimasinthana mbali," anabwereza Che Ayub akuseka. "Mwamva? Mitengo ya ku Chembe imawoloka mtsinje."

Subira anathamangira m'nyumba nkubwera ndi lino uja, wakuda bii ndi inki. Anaonetsa mbawa uli kumanja. Amjomba anamugwira lino ndi zala ziwiri ngati chinthu chotola kudzala.

"Ichi nchopondapo. Anthu amayala pansi nkumayendapo ndi matope. Ukufuna tikhulupirire chopondapo tisiye pepala? Boma limalemba pa chiyani?"

Subira anapita panjinga yamoto ya mlendo wina, nkuika chithunzi kutsogolo kwa galasi lake kuti anthu aone mbawa ukubwerera kwawo. Ena anaonadi nkuvomera ndi mutu. Che Ayub anakana ngakhale kudzuka. Anati galasi ndi la anthu ometa ndevu, ndipo iwo analumbirira chithunzi, sanalumbirire njinga.

Apa Subira ankaona kale mbawa wake uli pamadzi, utapakidwa penti, ukununkha usipa. Mantha anamugwira, kenako mkwiyo, ndipo mkwiyowo ndi umene unamukumbutsa kanthu kena.

"Amjomba, mwaonetsetsa chithunzi chonse? Taonani apa, pamwala wa pakati pa madziwu."

Pamwalapo panali kamunthu, kakang'ono ngati njere ya nyemba, koma kosasokoneza. Mkanjo, chisoti, kamimba, ndi ambulera yotsamira pamwala. Tsiku limene Subira ankagoba, amjomba anabwera kudzamuzonda poopa kuti akuyeza mtengo, ndipo anakhala pamwalapo akudya chinangwa chophika. Iye anangowagoberamo, poti anali atakhala kale m'nkhalangomo ngati chitsa.

Che Ayub anayang'anitsitsa nkumwetulira. Palibe anali atawajambulapo chiyambire, kupatula a zitupa. "Ndine ameneyu. Mwaona? Ndili pamalo panga."

"Ndinudi. Mukutani pamenepo?"

"Ndikudya."

"Ndi dzanja liti?"

A Shehe anapempha chithunzicho, anavala magalasi, nkuchiyang'ana nthawi yaitali ndithu. Anatembenuza thupi lawo kuti akhale ngati kamunthu kaja, anakweza dzanja lina, nkulitsitsa, nkukweza linalo.

"Che Ayub," anatero mofatsa, "apa mukudya ndi lamanzere."

Amene anayamba kuseka ndi amayi a kumaphikiro, poti iwo saopa munthu akakhuta. Kenako kuseka kunafalikira bwalo lonse. Aliyense pamenepo ankadziwa ntchito ya dzanja lamanzere ndi kumene limapita ndi kabotolo ka madzi. Ndipo aliyense anali ndi mwana kapena mdzukulu amene analawapo ambulera chifukwa cha dzanja lomwelo.

"Ndiye musankhe, amjomba," anatero Subira atagwadanso mwaulemu wonse. "Ngati pepala likunena zoona mmene lililimu, mbawa ndi wanu, ndipo mumadya ndi lamanzere. Ngati ndi lotembenuka, mumadya ndi lamanja ngati Msilamu aliyense, ndipo mbawa ndi wa amayi."

Che Ayub anayang'ana mbawa wa papepala, anayang'ana kamunthu kaja, anayang'ana a Shehe. Boti ndi boti, koma munthu ayenera kulowa mumzikiti Lachisanu.

"Nchotembenuka," anatero ndi mawu a pansi.

"Ndipo munalumbira," anawakumbutsa a Shehe, nsapato zili kale kumapazi.

Abiti Bakali anaimba nthungululu pa sadaka ya bambo awo, chinthu chosayenera, koma palibe anawaletsa. Subira tsiku limenelo anayenda ngati wagula mudzi wonse. Anapita kumtsinje, anausisita mbawa pakhungwa, nkuuuza kuti ugone mtima uli m'malo.

Sipanapite masiku. M'mawa wina asanabwerere ku Chembe anadzutsidwa ndi chiphokoso cha injini pabwalo. Atatuluka anapeza amuna awiri achilendo akumwa tiyi ndi mbatata pakhonde, wina akuyesa macheka a injini, utsi uli tolotolo. Mayi ake anali atavala chitenje chatsopano.

"Amayi, awa ndi ndani?"

"Ocheka matabwa. Akamaliza tiyi tikupita kumtsinje."

"Kukacheka chiyani?"

Abiti Bakali anamuyang'ana ngati wafunsa dzina la mudzi wake womwe. "Mtengo wanga. Si wanga kodi? Wanena ndiwe, pamaso pa a Shehe."

Subira anachonderera. Ananena za mthunzi, za madzi amene adzaphwa, za mbalame, za mizu imene imagwira dothi la munda wawo womwe. Ananenanso zimene sananenepo kwa munthu, kuti pamene zinthu zinamuvuta ndi pamenepo pokha pamene ankapeza mpumulo. Mayi ake anamvetsera akuthira shuga m'makapu a alendo.

"Uli nawo papepala," anayankha. "Mapepala ambirimbiri. Ukaufuna uziuyang'ana pamenepo. Ine ndadikira mtengo umenewu tsitsi langa lili lakuda mpaka layera."

Ndi pamene Subira anazindikira chimene anachita, ndipo anadziona wopusa kwambiri. Mitengo ina yonse ikuluikulu ya ku Chowe inali ndi eni ake, nchifukwa chake inatha. Mbawa unakalamba chifukwa palibe amene akanaugwetsa popanda mnzake kumugwira pakhosi. Sunasungidwe ndi chikondi cha munthu aliyense, unasungidwa ndi mkangano. Ndipo mkanganowo anauthetsa ndi iye mwini, monyada, anthu akuwomba m'manja.

Ocheka aja anapempha tiyi wina. Subira anadzera kuseri kwa nyumba, anawoloka pa ulalo, nkuthamangira kwa amjomba.

Anawapeza pakhonde akudya phala. Chichitikireni zija anali asanatuluke pakhomo, ndipo ankadya dzanja lamanja litakwezedwa kuti odutsa aone, lamanzere atalikhalira. Atamuona anatembenukira kukhoma.

Subira anagwada. Bodza limene anabwera nalo linali ndi phata loona, ndipo mabodza otere ndi amene amagwira. Odinda osamala, monga a Thomson, amayamba atembenuza chojambula chawo asanagobe, kuti papepala chidzatuluke cholunjika. Iye sanachitepo zimenezo chifukwa cha ulesi. Koma amjomba akanadziwira kuti?

"Amjomba, ndabwera kudzapepesa. Tsiku lija ndinanama."

Supuni inaima m'malere.

"Ife odinda timadziwa kuti pepala limatembenuza. Ndiye timagoba chotembenuza dala, kuti papepala chituluke choona. Pepala lija linali loona. Mbawa ndinauika kumanzere chifukwa agogo anandilozera ndili mwana kuti mtsinje weniweni ndi ngalande inayo."

Agogowo sanamulozerepo kanthu kupatula njira ya ku madrasa, koma akufa satsutsa.

Che Ayub anatembenuka pang'onopang'ono. "Nanga dzanja lija?"

Apa ndiye panali pomeza mwala. Subira anayang'ana pansi. "Dzanja ndinachita dala. Ndimafuna anthu akusekeni. Ndi mwano wanga basi."

Nkhope ya amjomba inasowa chochita. Mkwiyo unkakwera, chimwemwe chinkakweranso, ziwirizo nkukumana pamphuno. Anamutcha mwana wopanda mwambo, wosalangidwa, wophunzira zachikunja kwa anthu ovala makabudula. Ananena kuti asadzapondenso pakhomo pawo. Akunena zonsezi anali akuvala nsapato, ndipo Subira atangotchula kuti ocheka ali kale panjira, anatola ambulera nkuthamanga liwiro limene palibe ankadziwa kuti mimba ija ingalole.

Pamene Abiti Bakali ndi anthu awo ankafika, Che Ayub anali ataima chotsamira mbawa, manja atatambasula, akufuula kuti amene akufuna kudula ayambe wadula iwo. Subira anaitanidwa kuti abwereze mawu ake, ndipo anabwereza, pamaso pa mayi ake ndi pa anthu onse amene phokoso linawasonkhanitsa. Ananena kuti ananama pa sadaka ya agogo ake, ndipo ananyoza amjomba ake dala. Anamva amayi ena akuyamwa mano kumbuyo kwake. Manyazi anamuwotcha nkhope ngakhale ankadziwa kuti mlanduwo ngwopeka.

Anthu anatumiza uthenga kwa a Shehe. Yankho linabwera lakuti lumbiro linali pa chithunzi, ndipo ngati mwini chithunzi sakudziwa kumene chayang'ana, iwo sangadziwe. Anawonjeza kuti ali ndi ukwati woti akamange ku Malindi ndipo sakudziwa tsiku lobwerera. Ocheka matabwa anayang'anana. Ntchito yawo amaidziwa, mtengo wa mlandu sadula. Anazimitsa injini, anathokoza chifukwa cha tiyi, nkunyamuka.

Munthu ndi mlongo wake anatsala akulozana zala, wina tsidya lino wina tsidya ilo, mawu ake omwe aja a zaka zonse. Pamwamba pawo mbawa unkagwetsa timasamba touma m'madzi. Subira anali wokondwa, ndipo sakanatha kuuza munthu aliyense.

Madzulo ake anapeza mayi ake kuseri kwa nyumba akusankha nyemba. Pafupi pawo panali mulu wa njerwa zowotcha umene Subira anauona kuyambira tsiku lofika, koma sanafunse kuti ngwachiyani. Anakhala pansi nkutambasula dzanja kuti athandize. Abiti Bakali anakokera lichero kumbali.

"Agogo ako sanakulozere kanthu," anatero osamuyang'ana. "Ndikudziwa. Ndinakubereka ndine."

Subira anabweza dzanja lake.

"Njerwa izi ndaumba ndekha, msana uwu. Ndimati ndikumangire nyumba pano, usiye kuchapa zogonera anthu osawadziwa, uzidinda mitengo yakoyo pakhomo pa amako. Chimasowa ndi matabwa a denga, zitseko ndi mawindo. Ndimafuna udzangoona yatha."

"Amayi, simunandiuze."

"Iwe unandiuza zako?"

Anapeta nyemba zija, anadzuka, nakutumula chitenje. Pakhomo anaima pang'ono.

"Wasankha mtengo. Ukabwera ulendo wina uzikagona momwemo."

Analowa nkutseka chitseko. Subira anatsala panja atakhala pa njerwa zija, zikali zofunda ndi dzuwa la masana.